Ndinapita ku casualty ndikuyembekezera kukalipiridwa

Ululu unayamba Lachiwiri madzulo, pamchombo penipeni. Sunali woti munthu n'kusiya zomwe akuchita. M'mimba munkangopota pang'onopang'ono, ngati mmene zimakhalira ukadya mothamanga. Chakudya chamadzulo ndinangochiyang'ana, mtima sunachifune, ndipo ndinagona ndi kanseru. Ndinali ndi zaka 34 ndi ana awiri, ndipo kupatula pokabereka ndinali ndisanagonekedwepo m'chipatala. Ndinkadzitenga ngati munthu wolimba, wosathamangira kwa adokotala ndi kalikonse.

Lachitatu ndinapita kuntchito. Ndinamwa ibuprofen m'mawa, ndinamwanso masana. Mnzanga wa mu ofesi atandiona ndikugwiragwira pamimba anati ndi kudzimbidwa kumeneko, ndipo poweruka ndinagula mankhwala otsegula m'mimba. Usiku ndinadzithowa ndi botolo la madzi otentha. Zitatu zonsezi zinali zolakwika. Ibuprofen amatsitsa kutentha kwa thupi, motero chizindikiro chomwe chikanandiopsa chinabisika. Mankhwala otsegula m'mimba amakankha matumbo mwamphamvu, ndipo saloledwa kwa munthu yemwe m'mimba mukumupweteka pa chifukwa chosadziwika. Botolo lotentha nalo linangondipusitsa kuti ndikuchitapo kanthu.

Pakati pa usiku womwewo ululu unasamuka. Unachoka pamchombo n'kukakhazikika kumunsi kwa mimba, chakumanja, pamalo amodzi oti n'kuloza ndi chala. Ndikatsokomola unkabaya. Ndikatembenuka pabedi unkabaya. Kusamuka kotereku ndiye chizindikiro chodziwika kwambiri cha kutupa kwa apendikisi, koma ine sindinkadziwa. Apendikisi ndi kathumbo kakang'ono, kotalika ngati chala, kotseka mbali imodzi, kamene kamalendewera pafupi ndi pomwe matumbo aang'ono amalumikizana ndi aakulu. Pakamwa pake pakatsekeka kamatupa, majeremusi amaswana m'kati, ndipo kakapanda kuchotsedwa kamatha kuboola n'kutayira mafinya m'mimba.

Amuna anga anadzuka n'kuyatsa magetsi. "Mayi, valani tipite kuchipatala," anatero. Ndinakana. Ndinanamizira ana kuti atsala ndi ndani, ndinanamizira ntchito yomwe ndinayenera kupereka Lachisanu. Koma chenicheni chinali china, ndipo ndi chomwe chandipangitsa kulemba nkhaniyi. Ndinkaopa funso lakuti, "Munali kuti nthawi yonseyi?" Ndinali nditamva nkhani zambiri za anthu okalipiridwa pagulu chifukwa chofika mochedwa kapena chifukwa chomwa mankhwala ogula okha, ndipo ine ndinali nditachita zonse ziwiri. Choipa cha mantha amenewa n'chakuti amakula ndi nthawi. Ukachedwa tsiku limodzi umachita manyazi kupita, ndiye umachedwa lachiwiri, manyazi aja n'kuwirikiza.

Lachinayi m'mawa ndinadzuka ululu utazilala. Ndinasangalala, ndinawaseka amuna anga kuti akanangotaya tulo pachabe. Sindinapite kuntchito, koma ndinachapa, ndinakonza m'nyumba, madzulo ndinadzikakamiza kudya. Paja amati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Adokotala anadzandiuza pambuyo pake kuti mwina nthawi imene ndinamva kupepukayo ndi imene kathumboko kanaboola. Kakaboola, kufufuma kuja kumaphwa, munthu n'kumva bwino kwa maola angapo, pamene mafinya akufalikira. Ululu wa m'mimba womwe wakhala ukukula kwa masiku awiri ukangoti zii mwadzidzidzi, musauombere m'manja.

Pofika 8 koloko usiku ndinali kunjenjemera, mano akugundana, nditafunda mabulangete awiri. Mimba inauma gwa ngati thabwa. Kuwongoka kunakanika. Ulendo uno amuna anga sanandifunsenso maganizo. Anagogoda kwa aneba kuti atiyang'anire ana ndi kutibwereka galimoto.

Panjira, galimoto ikangodumpha pa hampu kapena kugwa m'dzenje, ndinkakuwa. Tinafika nthawi itatsala pang'ono kukwana 11 koloko. Munthu woyamba kutithandiza sanali dokotala kapena namwino. Anali mlonda wa pakhomo. Atandiona ndikutsika nditapindika ngati nkhalamba, sanafunse kanthu, anathamanga n'kubwera ndi njinga ya odwala, n'kuuza amuna anga kuti, "Bambo, kasiyeni galimoto uko, mayiwa ndiwalowetsa ndine."

M'chipinda chodikirira munali modzaza. Mwana ankalira, bambo wina anali atakulunga dzanja m'thaulo lamagazi, ena anali atagona pabenchi. Mtima unagwa, ndinati pano titulukira dzuwa. Ndinaganiza kuti tikhala kumapeto kwa mzere. Koma mlonda uja anandikankha mpaka patebulo lina lapakona, pomwe panali namwino wachitsikana, wocheperapo kwa ine, atamanga wotchi pachifuwa.

Anandipanitsa kachipangizo pachala, anandimanga lamba wa BP pamkono, anandiyeza kutentha. Thupi linali pa 38.9. Mtima unkagunda ka 118 pa mphindi, pamene munthu wamkulu akakhala phee umayenera kugunda pakati pa 60 ndi 100. Kenako anafunsa kuti ululu unayamba liti.

"Lero m'mawa," ndinayankha.

Amuna anga anandiyang'ana. Anamwino aja anaona kuyang'anako. Anasiya cholembera, anakoka mpando n'kukhala kuti maso athu afanane, ndipo anayankhula motsitsa mawu kuti a pabenchi asamve. "Amayi, sindikufunsa kuti ndikuimbeni mlandu. Ndikufuna ndidziwe kuti tatsala ndi nthawi yochuluka bwanji. Unayamba liti?"

Ndinalira. Ndinaulula zonse, za Lachiwiri, za ibuprofen, za mankhwala otsegula m'mimba, za botolo, za kuzilala kwa m'mawa uja, za chakudya chomwe ndinadya cha m'ma 6 koloko. Iwo ankangolemba n'kumagwedeza mutu. Nditamaliza anati, "Mwatithandiza kwambiri." Basi. Funso lomwe ndinaliopa kwa masiku awiri silinabwere, usiku umenewo kapena masiku onse amene ndinakhala m'chipatalamo.

Anandifunsanso kuti ululu wanga ndingaupatse nambala yanji kuyambira pa 0 kufika pa 10. Ndinati 5, pofuna kuoneka wopirira. Anamwetulira. "Asanu amenewa ndi amene akukulepheretsani kuwongokawa?" Ndinati 9. Pamenepa ndi pomwe ambirife timadzipweteka. Timaganiza kuti kuchepetsa ululu ndi ulemu, koma nambala imeneyo pamodzi ndi zoyeza zija ndi zimene zimanena kuti mulowe liti.

Ku casualty, komwe amalandirira odwala mwadzidzidzi, satsata kuti wayamba kufika ndani. Amasanja odwala malinga ndi kuopsa kwa vuto lawo, ndipo kusanjaku amakutcha triage, mawu a Chifalansa. Kunayambira kunkhondo, kwa Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a Napoleon, mtsogoleri wakale wa dziko la France, yemwe ankayamba ndi wovulala kwambiri posayang'ana udindo wake. Zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito mitundu. Wofiira ndi wa yemwe moyo wake uli pachiswe pompano, wachikasu ndi wa wofunika kuonedwa msanga, wobiriwira ndi wa yemwe angathe kudikira. Zina zimaika wa lalanje pakati pa wofiira ndi wachikasu. Ine anandiika m'gulu lotsatana ndi lofiira, ndipo anandilowetsa nthawi yomweyo.

Tikudutsa, bambo wina anaimirira n'kukweza mawu kuti iye wakhalapo kuyambira 8 koloko, ndiye awa angofika kumenewa akulowa bwanji. Ndinachita manyazi, chifukwa ndikanakhala ine pabenchipo ndikanaganiza chimodzimodzi, kuti pali chinyengo kapena chibale. Anamwino aja sanamukalipire. Anamuuza kuti, "Bambo, sitinakuiwaleni. Mukamva kuti zasintha, bwerani mundiuze, ndikuyezaninso."

M'kati anandigoneka pakabedi ka matayala n'kutseka makatani. Kuika diripi kunavuta. Ndinali nditauma chifukwa chosamwa madzi okwanira ndi kutentha thupi kuja, misempha inabisala, ndipo anandibaya katatu asanaupeze. Namwino wachiwiri, bambo wa imvi zapatalipatali, anapepesa ulendo uliwonse, ndipo wachitatuwo anayamba wandifunditsa mkono ndi nsalu yofunda kuti msempha utuluke. Anatenga magazi, analumikiza botolo la madzi, n'kupempha amuna anga kuti atuluke pang'ono. Atatuluka ndi pomwe namwino wachitsikana uja anandifunsa kuti ndinasamba komaliza liti, ngati ndikulera, ndiponso ngati pali mwayi woti ndili ndi pakati. Anapempha mkodzo kuti ayeze. Mayi aliyense wa msinkhu wobereka akabwera ndi ululu wa m'munsi mwa mimba amamuyeza zimenezi, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero imapweteka mofanana ndi apendikisi ndipo imatha kupha msanga ndi kutaya magazi m'kati. Musakhumudwe nalo funsoli, ngakhale mutakhala otsimikiza kuti mulibe. Zanga zinatuluka kuti ndilibe.

Adokotala anabwera patapita mphindi ngati 20. Anali mnyamata wooneka wotopa, koma anadzitchula dzina, anapempha chilolezo asanandigwire, ndipo anayamba kudina kumanzere, kutali ndi popweteka, n'kumasendera pang'onopang'ono akundiyang'ana kumaso osati pamimba. Atafika kumanja, pakati pa mchombo ndi fupa la m'chiuno koma chakufupi ndi fupalo, ndinawagwira dzanja. Malo amenewo amatchedwa ndi dzina la Charles McBurney, dokotala wa ku New York yemwe anawafotokoza mu 1889. Kenako anandifunsa funso lomwe linandidabwitsa: "Pobwera, galimoto ikadumpha pa hampu mumamva bwanji?" Ndinayesa nthabwala. Si nthabwala. Mu 2012 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa ku England woonetsa kuti odwala apendikisi ambiri amamva ululu wowonjezereka podutsa pa mahampu.

Anandiuza mosabisa kuti akuganiza kuti ndi apendikisi, kuti mwina yaboola kale, ndipo kuti aitana madokotala a opaleshoni. Analamula mankhwala opha ululu a m'diripi ndi maantibayotiki. Ine ndinafunsa ngati opha ululuwo sabisa matenda, poti ndi zomwe ndinkamva. Anati kale madokotala ankakhulupirira zimenezo ndipo ankasiya odwala akubuula mpaka wa opaleshoni afike, koma zinapezeka kuti kupha ululu m'chipatala sikusokoneza kupeza matenda. "Kusiyana kwake ndi zomwe munachita kunyumba," anatero, "n'kwakuti pano tikukuyang'anirani."

Kenako zinthu zinaima. Kunja kunamveka ambulansi, ziwiri motsatana, za anthu a pangozi ya pamsewu. Ndinamva mapazi akuthamanga, mawu akuitana manambala, mabedi akukhulana. Aliyense amene anali pa ine anapita kumeneko. Ndinatsala ndi amuna anga ndi botolo la diripi likudontha. Sindibisa, ndinakwiya mumtima. Ndinkati andiuza kuti mwina kathumbo kaboola, kenako andisiya. Kuseri kwa katani ndinamva mayi wina akuyamba kulira kulira kuja kosafuna kufunsa kuti kwagwanji, ndipo mkwiyo wanga unasanduka mantha.

Komabe namwino wachitsikana uja ankabwerabe. Pakapita mphindi 15 kapena 20 ankasuzumira, n'kuyeza BP ndi kugunda kwa mtima, n'kulemba, n'kundiuza chomwe chikuchitika: magazi apita ku labu, a opaleshoni ali ndi wovulala ku fiyeta, sanandiiwale. Mawu ochepa amenewo ndi amene ankandigwira. Kudikira ukudziwa chomwe ukudikira n'kosiyana kwambiri ndi kungosiyidwa.

Cha m'ma 1 koloko ndinayamba kumva chizungulire, thukuta lozizira, ndipo makutu ankalira. Amuna anga anati akaitane anamwino. Ndinawagwira malaya. "Bambo, asiyeni, ali ndi anthu ovulala kuposa ine." Sanandimvere, ndipo ndimathokoza kuti sanandimvere. BP inali itatsika kufika pa 88 ndi 54, mtima ukuthamanga kuposa poyamba. M'kanthawi kochepa pabedi panga panali anthu anayi. Anaika diripi yachiwiri kumkono winawo, anatsegula madzi kuti athamange, anandiika kapaipi ka mkodzo kuti aziona ngati impso zikugwira ntchito, ndipo adokotala anaimbanso foni ku fiyeta ndi mawu ena, osati aja oyamba. Namwino wa imvi uja anagwira amuna anga paphewa n'kunena kuti, "Mwachita bwino kutiitana." Mtundu umene akupatsani pakhomo si wamuyaya. Zikasintha muli pabenchi kapena pabedi, nenani, ndipo amene wakuperekezani akhale munthu woti angathe kukutsutsani.

Zotsatira za magazi zinaonetsa maselo oyera, olimbana ndi matenda aja, okwana 19,000, pamene mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000. Anandiunika ndi sikani pabedi pomwepo ndipo anaona madzi m'mimba momwe simuyenera kukhala madzi.

Ludzu linali litandipha. Ndinapempha madzi kangapo, anandikaniza kangapo, mwaulemu koma osasunthika. Dokotala wogonetsa atabwera anafotokoza chifukwa chake. Munthu akagonetsedwa, zomwe zili m'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo, n'chifukwa chake pa opaleshoni yokonzekera amafuna kuti papite maola 6 chidyereni asanakugonetse. Chakudya changa cha 6 koloko chija anachilemba, ndipo anati popeza matumbo otupa sagaya bwino, andigonetsa ngati munthu wokhuta, mwa njira yoteteza mapapo. Ndikanapitiriza bodza langa lija, iwo akanakonzekera zina. Anafunsa ngati pali mankhwala amene amandiwenga, ngati ndinagonetsedwapo, ngati ndili ndi dzino logwedera. Dzina la mankhwala otsegula m'mimba aja ndinaliiwala, ndipo amuna anga anachita kuimbira aneba kuti akawerenge pabotolo. Mukamapita, tengani mapaketi a mankhwala onse omwe mwamwa, kapena ajambuleni pafoni. Tengani ndi chaja, chifukwa yathu foni inazima 3 koloko isanakwane, abale akufuna kumva.

Pali mayi mmodzi amene sindinamuone nkhope bwinobwino. Ndinasanza, zina zinagwera pansi, zina pachovala. Ndinayamba kupepesa. Mayi wokolopa anabwera ndi ndowa yake, anakolopa, anabweranso ndi nsalu yonyowa n'kundipukuta pakamwa, n'kundikonzera chofunda chomwe chinali chitandivula. "Musapepese, mwana wanga, kuno n'kuchipatala," anatero. Namwino uja naye ananyowetsa kathonje n'kundipaka pamilomo, poti kumwa kunali koletsedwa.

Dokotala wa opaleshoni anabwera ndi fomu. Sanangondipatsa kuti ndisaine. Anajambula mimba papepala, anaonetsa pomwe adule, ananena kuti chifukwa cha mafinya sangachite opaleshoni ya timabowo ting'onoting'ono koma atsegula, ndipo anatchula zoopsa zake: kutaya magazi, bala kuchita mafinya, mafinya kusonkhananso m'kati. Anafunsa ngati ndili ndi funso. Ndinafunsa ngati ndidzuke. Anati, "Tabwerera zimenezo, amayi," n'kudikira mpaka nditasaina ndekha.

Ananditengera ku fiyeta itangopitirira 3 koloko, maola anayi chifikireni. Namwino wachitsikana uja anakankha nawo bedi mpaka pakhomo, n'kufotokozera anzake a m'kati zonse, kuyambira Lachiwiri, osawonjezera mawu oti ndinachedwa dala. M'katimo anandifunsanso dzina langa ndi opaleshoni yomwe ndabwerera, ngakhale anali atandifunsa kale kangapo. Ndinkayesa kusokonekera, koma ndi dala. Zili pa mndandanda wa chitetezo cha opaleshoni umene bungwe la WHO linatulutsa mu 2008, kuti asadule munthu wolakwika kapena malo olakwika.

Apendikisi inapezeka itaboola. Anaichotsa, anatsuka m'mimba, anandisiyira kapaipi kotulutsa zamadzimadzi komwe kanakhala masiku atatu. Maantibayotiki a m'diripi ndinalandira masiku asanu, ndipo ndinatuluka pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Mtsikana yemwe anagona bedi loyandikana nane anabwera ndi vuto lomwelo pa tsiku loyamba la ululu, ndipo anapita kwawo patangotha masiku awiri. Ine bala linachita mafinya kumapeto kwake, ndinayenda ulendo wokatsukitsa kwa milungu iwiri, ndipo kuntchito ndinabwerera patatha milungu isanu ndi umodzi, ndikuletsedwabe kunyamula zolemera, kuphatikizapo mwana wanga wamng'ono yemwe sankamvetsa chifukwa chake amayi akumukana. Ntchito ya Lachisanu ija anaimaliza ndi ena, ndipo palibe chinagwa. Ndalama zomwe tinkasungira zina zinathera pa mankhwala, maulendo ndi wotithandiza pakhomo, ndipo amuna anga anadya masiku awo onse atchuthi.

Tsiku lochotsa ulusi ndinapempha amuna anga kuti tidzere ku casualty. Ndinkafuna kuthokoza namwino uja, koma dzina lake sindinaligwire usiku umene uja. Mlonda anali wina. Ndinafotokoza maonekedwe ake kwa wolemba mayina, ndipo anandilozera patebulo lomwe lija lapakona. Anali pomwepo, ali pa shifiti ya masana. Ndinadikira mpaka atamaliza ndi wodwala, n'kusendera.

Sanandizindikire. Ndinati, "A nesi, ndine uja ndinakunamizani kuti ululu wayamba m'mawa, pamene unali wa masiku awiri."

Anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Amayi, onama chonchotu mumakhala ambiri pa usiku umodzi. Inuyo ndi wa chiyani?" Nditatchula apendikisi ndi usiku wa ngozi ya pamsewu uja anakumbukira, anafunsa za bala, n'kundiuza kuti ndisafulumire kunyamula zinthu. Ndinali ndisanamalize mawu omwe ndinawakonza panjira pamene bambo wina analowa atanyamula mwana wolefuka m'manja. Anamwino aja anandigwira dzanja kamodzi, maso ali kale pa mwanayo, n'kuimirira.